Chaka Chimene Gombe Lathu Linafiira

Amuna anga atamwalira, nyumba yathu ya ku Chiwanga inandikulira. Ana anali atabalalika kale, wamkazi ku Lichinga, wamwamuna kutali ku Nampula. Ine ndinatsala ndi timbuzi tanga, matandala oyanikapo usipa, ndi kwaya ya ku tchalitchi. M'mawa ndinkatsikira kugombe kukagula usipa kwa asodzi, n'kuyanika, n'kumadikira amalonda ochokera ku Lichinga. Ntchito imeneyi ndi ya manja okhaokha, pakamwa pamangokhala duu. Masiku ena dzuwa linkafika pamutu ndisanalankhule ndi munthu aliyense, kupatula kukalipira mbuzi.

Amene ankandichezetsa anali mnzanga wa m'kwaya. Tinakulira limodzi, abishopu anatisanjika manja tsiku limodzi, ndipo matandala athu anali ogundizana. Pa maliro a amuna anga ndi iye anakhala nane pamphasa mpaka anthu onse atabalalika. Tinkaitanana kuti achemwali ngakhale panalibe chibale.

Lamulungu lina Misa itatha, ansembe analengeza kuti a zaumoyo akufuna munthu mmodzi wa kugombe kwathu wodziwa kuwerenga Chipwitikizi. Achinyamata ambiri anali panyanja kapena m'tauni. Mnzangayo anandigunda ndi chigongono.

"Imikani dzanja, achemwali. Mukhala mukukangana ndi mbuzi mpaka liti?"

Ndinaimika.

Anatiphunzitsa ku Metangula, m'kachipinda kotentha pafupi ndi msika. Mphunzitsi wathu anali mtsikana wocheperapo msinkhu kwa mwana wanga, wodziwa za matenda a ziweto, ndipo tonse tinkangomutcha tekinika. Anatipatsa foni aliyense, n'kutiuza kuti mkati mwake muli nzeru za makina, zimene kusukulu kwawo amati intelijensiya aritifisiyali. Dzinalo linatipota lilime, tinangoti makina basi.

"Amayi, matenda sayambira pa munthu nthawi zonse," anatero atafika pa benchi yanga. "Nthawi zina amayamba aonekera pa nkhuku, pa galu, pa madzi a mumtsinje. Koma a chipatala amaona anthu okha, ife timaona ziweto zokha, a za nsomba amaona nsomba zokha. Makinawa amasonkhanitsa zonsezi pamodzi. Inu muzingowauza zimene mwaona. Akaona kuti zinthu zikulowera koipa, amatichenjeza msanga."

Miyezi yoyambayo ndinasangalala. Ndinapeza chifukwa cholowera m'makomo a anthu. Ndikati odi ankandipatsa mpando, kenako n'kunditengera kukhola kuti ndijambule mbuzi yotupa khosi kapena nkhuku yogwetsa mapiko. Foniyo inkafunsa mafunso ndi mawu a mkazi wosatopa: zayamba liti, zikumwa madzi kuti, kodi pakhomo pali wodwala. Chinyanja sinkachimva. Nkhalamba ikafotokoza za likodzo la mdzukulu wake, ine ndinkatembenuzira m'Chipwitikizi changa cha kusikola, chophunzira m'kalasi ndili mwana, ndipo mawu ena ankatayika panjira. Komabe zinkathandiza. Chitopa chitabuka kumudzi wa kumwera, katemera anafika kwathu nkhuku zisanayambe kufa. Amayi ena anandibweretsera mazira m'kambale. Kunyumba ndinkaika foniyo pa tebulo, pamalo pamene amuna anga ankaika wailesi yawo, ndipo nthawi zina ndikudya ndekha ndinkaifunsa zinthu zopanda pake, monga mmene ku Nampula kwachera, kuti ndingomvako mawu ena m'nyumbamo.

Kenako kunabwera mvula ya chaka chimenecho. Inagwa osapumira. Mtsinje wotsika kumapiri unasefukira n'kuthira madzi amatope m'nyanja, pamalo pomwe amayi amatunga ndi kutsuka mbale. Zimbudzi zina zinagwa. Mbuzi zinayamba kutsegula m'mimba. Pa mathiriro a mtsinje ndinapeza tinsomba takufa tayandama. Kenako zinafika pa ana. Woyamba anali wa banja lina la asodzi kuseri kwa tchalitchi, wachiwiri anali mdzukulu wa mnzanga uja, kamtsikana kongoyamba kumene sikola.

Zonsezi ndinaiuza foni monga anandiphunzitsira, osasiyako kanthu. Inayankha kuti anthu aziwiritsa madzi akumwa, odwala apite nawo kuchipatala msanga, ndi kuti uthenga wafika kwa oyenera. Mawa lake galimoto inafika ndi mankhwala othira m'madzi ndi timapaketi ta mchere womwetsa otsegula m'mimba. Mdzukulu wa mnzangayo anamutenga pa galimoto yomweyo maso atalowa, koma anabwerako akuyenda yekha. Kwathu sikunafe mwana ndi mmodzi yemwe. Ndinkaganiza kuti anthu aziona zimenezo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ku ofesi kunali mapu. Pa mapupo dera lililonse linali ndi mtundu wake, ndipo Chiwanga inali itafiira. Wina anawajambula n'kutumizira mnzake, mnzakeyo n'kutumizira wina, mpaka chithunzicho chinafika m'mafoni a amalonda ku Lichinga. Sabata yotsatira magalimoto awo ankangodutsa pamphambano yathu, ulendo wa kugombe lina la kumpoto limene pa mapupo linali lobiriwira. Kumeneko ankamwa madzi a nyanja yomweyi, ndipo tinkamva kuti ana akudwalanso. Kusiyana kwake kunali kwakuti kumeneko kunalibe munthu wa foni.

Usipa wa m'dzinja sudikira. Umauma movutikira chifukwa cha mitambo, ndipo ukangouma umafuna uchoke msanga. Wathu unakhala m'masaka, unayamba kunyowa, kununkha, kenako mphutsi. Amayi ankautaya m'maenje kuseri kwa nyumba, ena akulira. Wanganso ndinataya. Asodzi ataona kuti sitikugula anayamba kukakocheza mabwato awo kumpoto konko, ndipo gombe lathu linangoti zii, kutsala akhwangwala.

Mnzangayo anandipeza ndikusesa pansi pa thandala lopanda kanthu. Sanakhale pansi.

"Achemwali, akuti ndinu munanena kuti nsomba zathu zili ndi kolera."

"Sindinanene za usipa ine. Ndinanena za ana ndi madzi."

"Nanga anthu a kumpoto aja, ana awo sakudwala?"

"Akudwala."

"Ndiye bwanji iwo akugulitsa?"

Ndinangoti, "Koma mdzukulu wanu ali moyo."

"Ali moyo, inde. Ndiye ndimudyetse chiyani?"

Anatembenuka n'kumapita. Sanatchule kuti ndi iye anandiimiritsa dzanja m'tchalitchi muja, inenso sindinamukumbutse.

Palibe anandinyoza poyera. Anthu a kwathu sachita choncho. Anangondisiya. Ndikati odi pakhomo, mwana ankatuluka kudzanena kuti akuluakulu achokapo, ine ndikuona nsapato zawo pakhonde. Kumjigo nkhani zinkaduka ndikafika, n'kuyambiranso ndikasenza ndowa. Ku tchalitchi, pa nthawi yopatsana mtendere, manja ankandifika mochedwa, nsonga za zala zokha. M'kwaya mnzangayo anasamukira mzere wina. Ndinkaimba nyimbo zomwe ndaimba chiyambire utsikana wanga, koma m'makutu mwanga munkangomveka mawu anga okha, okalamba. Mwana wanga wa ku Lichinga atandiimbira foni ndinamuuza kuti kuno zonse zili bwino. Ndikanamuuza zoona akananditenga kuti ndikakhale naye m'tauni yozizira ija, kulera ana ake kuseri kwa mpanda, ndipo zimenezo sindinkazifuna. Foni ya ntchito ija ndinasiya kuifunsa zopanda pake. Ndinaikulunga mu kapulana, nsalu yanga yakale, n'kuikoleka kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina ndinayenda wapansi kupita ku Metangula kuti ndikaibweze. Ndinapeza tekinika ali yekha mu ofesi, maso ofiira ndi kutopa. Ndinaika foniyo pa tebulo lake.

"Tengani chinthu chanu, mwanangu. Chandidanitsa ndi mudzi wonse."

Sanatsutse. Anatembenuza kompyuta yake kuti ndione. Kanali koyamba kuwaona mapuwo ndi maso anga: nyanja uku, midzi itandandalikana m'mphepete, kwathu kadontho kofiira, kwina konseko kubiriwira mpaka kumapiri.

"Amayi, kubiriwiraku sikutanthauza kuti kulibe matenda," anatero. "Kukutanthauza kuti palibe watiuza. Makinawa akapanda kumva kanthu amayesa kuti kuli mtendere. Ndawadandaulira amene anawapanga, ndawauza kuti mwanjira imeneyi tikulanga anthu onena zoona. Chithunzichonso sichinkayenera kutuluka m'chipinda chino. Amene anachitulutsa sindikumudziwa, koma manyazi ndi a tonse tili muno."

"Nanga usipa wa anthu?"

"Umenewo sindingaubweze, amayi."

Ndinabwera nditakonzekera mkangano. Popeza sanakangane nane, mkwiyo wanga unasowa pogwira. Ndinayang'ananso mapuwo. Maso anga anatsatira msewu wokwera mapiri mpaka cha ku Maniamba, kumene kumakhala alamu anga, alongo awo a malemu amuna anga. Konseko kunali kobiriwira. Ndinakumbukira kuti chiyambire mvula sindinamve kalikonse kuchokera kwa iwo.

"Uku amakuuzani ndani?"

"Palibe. M'midzi ya m'katimo mulibe redi, foni siigwira. Amene tinamuphunzitsa anasamuka."

"Nditapita nayo foniyi kumeneko, ingasunge zimene ndingaiuze?"

"Ingasunge, n'kudzatumiza mukafika pogwira redi. Koma amayi, palibe akukutumani."

Ndinatolanso foniyo. Sikunali kulimba mtima ayi. Ndinkangofuna kuchoka ku Chiwanga, kupita kumene munthu angandipatse moni wa dzanja lonse.

Mbuzi ndinasiyira mlonda wa panyumba ina ya alendo, n'kukwera chapa, minibasi ya ku Lichinga. Inakwera phiri ikubuula, ife titapanikizana ndi matumba ndi nkhuku. Ndinatsika pa Maniamba n'kulowa kanjira ka pakati pa chimanga ndi chinangwa. Kumtunda kumazizira, ndipo munthu wa kunyanja ngati ine amasowa koponya maso, kulikonse phiri ndi mitengo.

Alamu anandilandira ndi misozi. Anali atawonda, nawonso anali atangodzuka kumene pamphasa. Tisanamalize n'kupatsana moni komwe anandilozera nyumba ya pafupi, pamene panali phulusa la moto wa maliro.

"Mwana wa apo tinamuika dzana. Wina kutsidya kwa mtsinje. Tinamva kuti kwanu kwafiira, alamu, tinakumverani chisoni. Kenako tinamva kuti kunabwera galimoto ya mankhwala. Kuno sikunabwere ngakhale njinga."

Anandiperekeza kumtsinje, akuyenda n'kupuma. Pa dziwe limodzi lomwelo amayi ankaviika chinangwa, kuchapa matewera ndi kutunga madzi akumwa. Chakumtunda pang'ono, m'chigwembe, munali mbuzi zakufa zimene anthu anataya, mvula ikuzikokolera pang'onopang'ono kumadzi. Ndinatulutsa foni kuti ndijambule, koma ndinaona amayi a padziwepo asiya kuchapa, akundiyang'ana. Ndinaibwezera mu kapulana.

Mawa lake alamu anaitana anansi pansi pa mtengo wa mango. Ndinawafotokozera zonse osakometsera: za galimoto, za ana amene anachira, za mapu, za usipa wotayidwa m'maenje. Bambo wina wachikulire, khasu lili paphewa, anafunsa, "Mukawauza, nafenso tifiira?"

"Mufiira, bambo."

"Ndiye chimanga chathu adzachikana? Mbuzi zotsalazi adzabwera kudzazipha?"

"Sindikudziwa. Sindingalonjeze zimene sindikuzidziwa. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti kwathu mankhwala anabwera."

"Anabwera, koma inu mwathawako," anatero bamboyo. Sananene mwachipongwe. Ena anaseka pang'ono, ena anadzuka n'kumapita kumunda. Ndinaganiza kuti ulendo wanga wathera pomwepo.

Ndiye analankhula mayi wa mwana woikidwa dzana uja. Anali wamng'ono, kumutu atameta, ndipo chifikire anali asanatukule nkhope.

"Auzeni, amayi. Muyambire kwanga. Ndatsala ndi mmodzi."

Ndinayambira kwake. Anandionetsa mtsuko wa madzi, pamene panali chimbudzi chisanagwe, ndi mphasa imene mwanayo anagonapo. Ankalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiyawo, ine ndikutembenuzira foni m'Chipwitikizi. Itafunsa kuti wodwalayo ali bwanji tsopano, sindinamutembenuzire mayiyo funsolo. Ndinangoyankha ndekha, motsitsa mawu. Atandiona ndikutuluka m'nyumba imeneyo, mabanja ena anandiitana. Amene anakana sindinawajambule, ngakhale khola lawo.

Masana ndinakwera ndekha kupita kumsewu, kenako pa thanthwe lina limene anthu a kumeneko amakwerapo akafuna kuimba foni. Ndinatukula dzanja m'mwamba mpaka phewa linawawa, ndikutembenukira uku ndi uku, kufikira foniyo inalira kuti zatumizidwa. Mphepo inkaomba mwamphamvu. Chakumunsi, kumene kuli kwathu, mitambo inali itatseka, sikunaoneke kanthu. Ndinakhala pansi n'kulira. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinkalirira mwana uja, amuna anga kapena ine ndemwe.

Thandizo silinafulumire ngati kugombe. Kanjira kanali kataduka penapake, ndipo anachita kufika pa njinga yamoto, tekinika ali kumbuyo kwa namwino, matope mpaka m'mawondo. M'masiku odikirawo mayi wina wokalamba anamwalira. Koma ana amene anali atayamba kudwala anachira. Tekinika ndi amuna a m'mudzimo anakwirira mbuzi zija kutali ndi madzi, ndipo bambo wa khasu uja ndi amene anakumba dzenje lalikulu. Mbuzi yamoyo sinaphedwe ndi imodzi yomwe. Amayi anagwirizana kuti madzi akumwa azitunga kumtunda, chinangwa aziviika kumunsi.

Ndinakhala kwa alamu mpaka mvula itayamba kuchepa. Tinkawiritsa madzi, kupalira, ndi kukamba za malemu. Anandiuza zinthu zimene m'zaka zonse za ukwati wathu sindinazimvepo, monga zoti ali mwana ankaopa madzi, ndipo tsiku loyamba kukwera bwato anasanza mpaka asodzi anafuna kumubweza. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Panali patapita nthawi ndisanaseke pamaso pa munthu. Alamu anandipempha kuti ndingokhala konko. Ndinaganizira ndithu, koma manda a amuna anga ali ku Chiwanga, ndipo chinangwa sindidziwa kulima ngati iwo.

Nditabwerera ndinapeza amalonda ayambanso kuima pamphambano. Mapu anali atasinthidwa. Malo amene sikunamveke kanthu tsopano anali otuwa, ndi mawu akuti sitikudziwa, ndipo kumeneko ndi kumene a zaumoyo ankayambira kuyendera. Mapuwo sankatulukanso kunja. Zonsezi anandiuza tekinika, koma kugombe palibe amene anafuna kumva. Usipa unali utapita, mabanja ena anagulitsa mbuzi kuti adye, ndipo mnzanga uja anali atasamutsira matandala ake kumapeto ena a gombe. Tikakumana amandipatsa moni waulemu, wa anthu ongodziwana. Sindimuimba mlandu. Zimene ananena tsiku lija zinali zoona.

Ntchito ndinapitiriza. Pakhomo pa munthu ndimayamba ndafunsa ngati ndilowe ndi foni kapena ndiisiye m'thumba. Ena amati isiyeni, ena salola n'komwe kuti ndilowe. Masiku ano foniyo imamvako Chinyanja, chifukwa a zaumoyo anapempha kuti amene akufuna aiphunzitse mawu. Koma ikati iyankhe imalankhula Chichewa cha pa wailesi ya ku Malawi, ndipo nkhalamba zimaseka, zina zimaikonza ngati mwana.

M'nyengo ya mwera tekinika anandiitanitsa ku Metangula kuti ndikathandize kuphunzitsa anthu atsopano, ochokera kumagombe a kumpoto ndi kumapiri. Pa benchi ya kumbuyo ndinaona mayi uja wa ku Maniamba, tsitsi litamera, mwana wake wotsalayo ali kumsana. Chipwitikizi chake chinali chochepa, choncho ndinakhala pambali pake masiku onse a maphunzirowo, ndikumugwira chala pa galasi la foni. Sitinkalankhula zambiri. Pa nthawi yopuma tinkagawana chinangwa chophika chimene anabwera nacho.

Tsiku lomaliza ndinamuperekeza kokwerera chapa. Tinadikira nthawi yaitali padzuwa. Galimoto itatsala pang'ono kudzaza anandikokera pambali.

"Amayi, ndiuzeni zoona. Anthu adzandida?"

"Ena adzakudani."

"Nanga inu mumatani?"

"Ndimadzuka m'mawa n'kupita. Wondilola ndimalowa, wondikana ndimadutsa."

Anakulunga foniyo kunsonga ya kapulana n'kumanga zolimba, anakonza mwana kumsana, n'kukwera. Ine ndinagula sopo ndi mchere pamsika, n'kuyamba ulendo wapansi wobwerera ku Chiwanga, fumbi la mwera likundilowa m'maso.